Diripi imodzi yokha, ma ARV akuti adikire, madzi a kumsana akufunanso: kodi achimwene akuthandizidwadi?

Mayi wina wa ku Chinamwali watilembera motere: "Adokotala, achimwene anga a zaka 34 anabwera kuchokera ku Johannesburg atawonda kwambiri. Anali pa ma ARV koma atapita kumeneko anasiya, patha zaka ziwiri. Mutu unawapweteka masabata atatu. Tinagula panado ndi mankhwala a malungo koma osasintha, mpaka anayamba kusanza ndi kuyankhula zosamveka. Kuchipatala anawachotsa madzi kumsana n'kutiuza kuti ali ndi matenda oumitsa khosi a fangasi. Chotidabwitsa n'chakuti diripi yachikasu anawaika kamodzi kokha, pano akungomwa mapilitsi ambirimbiri. Ma ARV akuti adikire kaye. Ndiye akufuna kuwachotsanso madzi kachitatu, amayi athu akukana, akuti n'zimene zinapha malume athu. Kodi akuthandizidwa bwino, kapena tiwatulutse tikayese kwina?"

Achemwali, pepani ndi matenda. Ndiyamba ndi funso lanu lomaliza chifukwa ndi limene abale angagwirizane usiku uno: achimwene musawatulutse. Zitatu zimene zikukusowetsani tulozo, diripi imodzi, kudikira ma ARV ndi kuchotsa madzi kumsana mobwerezabwereza, ndicho chithandizo chenicheni cha nthendayi. Kalata yanu ikanati anawayambitsa ma ARV tsiku lomwelo ndipo kumsana sanawakhudzenso, wodandaula ndikanakhala ine. Ndasamalira odwala oterewa kwa zaka zambiri, ndipo mafunso anuwa ndi omwe magadiyani amandiimitsa nawo pakhonde la wodi.

Ife pa wodi nthendayi timangoti crypto, kufupikitsa dzina la kafangasi koyambitsa, Cryptococcus. Kamakhala m'dothi, m'mitengo yowola ndi m'zitosi za mbalame, makamaka nkhunda, ndipo timakapuma pamodzi ndi fumbi. Ambirife tinakapuma kalekale, mwina tili ana, thupi n'kukatsekera m'mapapo osativulaza. Kamadzambatuka chitetezo chikatsika kwambiri, kawirikawiri CD4 ikafika pansi pa 100, n'kuyenda ndi magazi mpaka kukakhazikika pa kachikopa kokuta ubongo ndi m'madzi amene ubongo umayandamamo. Zaka ziwiri zopanda ma ARV zija ndi zimene zinatsegula chitseko. Musawazenge mlandu. Ambiri opita kukasaka ganyu kunja amasiya mankhwala chifukwa chosowa polandirira ndi kuopa mafunso, osati mwano.

Dzina loti "oumitsa khosi" limatisocheretsa, chifukwa odwala crypto ambiri khosi siliuma. Chimene chimayamba ndi mutu wa pang'onopang'ono, sabata, masabata awiri, wosamva panado, ndipo pafupifupi banja lililonse limayamba laganiza malungo monga munachitira inu. Nthendayi sipatsirana. Idyani nawo mbale imodzi, asambitseni, palibe chimene mungatenge. Nkhunda za pakhomo nazo zisaphedwe, zilibe mlandu umene ungathe ndi mpeni.

Sindikunamizani kuti ndi nthenda yaing'ono. Akatswiri anawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 152,000 padziko lonse anadwala crypto ndipo 112,000 anamwalira, ochuluka a iwo kuno ku Africa. Mwa imfa zisanu zilizonse za Edzi, imodzi imakhala ya nthendayi. Popanda mankhwala sipapezeka wopulumuka. Ndi mankhwala amene achimwene akulandirawa, pafupifupi atatu mwa anayi amadutsa masabata 10 oyamba, omwe ndi ovutitsitsa.

Tikambe za diripi yachikasu ija. Dzina lake ndi amphotericin B. Mankhwala opha mabakiteriya, kaya a jakisoni kaya makapisozi, fangasi samumva, ndiye amafunika ake. Amphotericin ndi wakale ndithu, anapezeka m'zaka za m'ma 1950 kuchokera ku tizilombo ta m'dothi la m'mbali mwa mtsinje wa Orinoco ku Venezuela, ndipo mpaka lero palibe womuposa pa kupha fangasi mwachangu. Amaboola khungu la kafangasiko, zam'kati n'kutayika. Vuto lake linali loti mtundu wakalewo unkapweteka ndi wodwala yemwe. Tinkauika tsiku ndi tsiku kwa masiku 14, impso zinkafooka, mchere wa potaziyamu unkatsika mpaka kusokoneza mtima, magazi ankachepa, mitsempha ya m'mikono inkatupa moti pofika tsiku lachisanu namwino ankasowa pobaya. Wodwala ankanjenjemera bedi lonse kugwedezeka.

Mtundu watsopano, wotchedwa liposomal amphotericin, ndi mankhwala omwewo koma atakutidwa m'timibulu ta mafuta tosaoneka ndi maso. Chifukwa cha chikuto chimenechi impso sizipweteka kwambiri, ndiye timatha kupereka mlingo waukulu nthawi imodzi, mamiligalamu 10 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndipo amakhalitsa m'thupi akugwirabe ntchito diripi itachotsedwa kale. Choncho botolo limodzi lija si kuumira, ndipo si kuti mankhwala atha. Kafukufuku wotchedwa AMBITION, amene anachitika ku Botswana, South Africa, Uganda, Zimbabwe ndi kuno kwathu ku Blantyre ndi Lilongwe, anatenga odwala 844. Zotsatira zinatuluka mu 2022: mwa olandira diripi imodzi pamodzi ndi mapilitsi, pafupifupi 25 mwa 100 anamwalira pofika masabata 10, pamene mwa olandira diripi yakale masiku 7 anali pafupifupi 29 mwa 100. Ndipo a diripi imodzi aja sanavutike kwambiri ndi impso ndi kuchepa magazi. Chaka chomwecho bungwe la WHO linaika njirayi patsogolo pa zonse.

Zomba nayo ili ndi dzanja lake m'nkhaniyi. Chipatala chachikulu cha Zomba chinali chimodzi mwa zipatala za kafukufuku wa ACTA, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, pamodzi ndi za ku Blantyre, Lilongwe, Zambia, Tanzania ndi Cameroon. Iyeyu ndi amene anaonetsa kufunika kwa mankhwala achiwiri, flucytosine. Kale nthawi zambiri tinkangokhala ndi fluconazole yekha, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Diflucan, ndipo kafukufuku wa ku Blantyre anapeza kuti oposa theka la odwala opatsidwa iye yekha ankamwalira masabata 10 asanathe. Nthawi imeneyo ndimaikumbukira, ndipo sindiisirira. ACTA anaonetsanso kuti kumene diripi kulibe, mapilitsi a fluconazole ndi flucytosine akaphatikizidwa amathandiza ndithu. Ndiye mukadzamva kuti wina anapatsidwa diripi masiku 7, wina mapilitsi okhaokha, musati pali tsankho. Zimatengera mtundu wa mankhwala amene alipo ndi mmene impso za wodwala zilili.

Mapilitsi ambirimbiriwo ndiwo theka lina la nkhondo, ndipo apa ndi pamene gadiyani amaposa dokotala. Kwa masiku 14, achimwene amwe fluconazole mamiligalamu 1,200 patsiku, omwe ndi makapisozi 6 a 200, komanso flucytosine mamiligalamu 100 pa kilogalamu iliyonse patsiku. Kwa munthu wa makilogalamu 50 amenewo ndi mapilitsi 10 a 500, ogawidwa kanayi. Flucytosine sachedwa kutuluka m'thupi kudzera mu mkodzo, n'chifukwa chake amamwedwa maola 6 alionse, usiku womwe. Wa pakati pa usiku ndi amene amaiwalika. Tcherani alamu pa foni, ndipo mukamasinthana ugadiyani ndi achibale muzipatsirana nthawi zake, osangopatsirana ndiwo ndi zofunda. Akasanza atangomwa, uzani namwino pompo. Akalephera kumeza, angawaike kapaipi ka m'mphuno kodutsira mankhwala ndi phala. Ndikudziwa kuti nako kamaopedwa, koma kapaipi sikatanthauza kuti munthu watsala pang'ono, ndi njira chabe yofikitsira mankhwala m'mimba. Magazi aziwatenga kangapo kuti aone impso, potaziyamu ndi kuchuluka kwa magaziwo, chifukwa flucytosine amatha kufooketsa mafuta a m'mafupa omwe amapanga magazi. Musawagulire bulufeni kapena indosidi wa mutu, amenewo amawonjezera katundu pa impso. Zitsamba zakumwa zobwera m'botolo la Sobo nthawi ya maulendo nazonso ziyambe zaima, chiwindi chili kale pa ntchito yaikulu.

Tsopano nkhani ya amayi, imene ndikufuna muimvetse koposa zonse, chifukwa odwala ambiri amene ndinawataya mankhwala ali m'thupi ndinawatayira pamenepa.

Ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana zimakhala m'madzi oyera ngati a pampopi. Thupi limapanga madziwa pafupifupi theka la lita patsiku, ndipo ena amabwerera m'magazi kudzera m'timabowo tating'ono, ngati sefa. Kafangasi ka crypto kali ndi chikuto choterera ngati therere, ndipo kakachuluka kamatseka sefa ija. Madzi akupangidwabe koma potulukira palibe, chigaza nacho sichifutukuka. Ndiye amafinya ubongo ndi mitsempha ya maso ndi makutu. Mutu woopsa uja, kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri, kugontha, kusokonezeka mutu, zambiri mwa izo zimachokera ku kufinyaku. Mankhwala amapha fangasi koma sachotsa madzi, ndipo fangasi wakufa amatsekabe sefa kwa masiku angapo. Njira yodalirika ndi imodzi basi, kutulutsako madziwo ndi singano kumsana.

Kuchotsa koyamba kunali koyeza kuti tidziwe nthenda. Kwachiwiri ndi kwachitatu ndi mankhwala paokha. Timatulutsa mamililita 20 mpaka 30, ngati masupuni awiri aakulu, ndipo thupi limabwezera m'maola ochepa. Singano imalowa m'munsi, kupitirira pamene mtsempha waukulu uja umathera, ndiye siilumalitsa miyendo ndipo sikhudza mphamvu za m'banja, monga ena amanong'onezana. Ndaonapo munthu amene amabuula usiku wonse atagwira mutu, titangomutulutsa madzi n'kupempha tiyi. Ena amafunika kamodzi kokha, ena tsiku lililonse mpaka mutu utaleka. Pali amene amafunsa ngati palibe jakisoni wophwetsa m'malo mwa singano. Anayesa. Kafukufuku wa mu 2016, amene Malawi analinso nawo, anapereka dexamethasone kwa odwala crypto ndipo anaimitsidwa asanathe chifukwa opatsidwawo ndi amene ankavutika kwambiri.

Za malume anu, amayi sakunama pa zimene anaona: singano inalowa, patapita masiku munthu anapita. Koma taganizani amene timawachotsa madzi kumsana ndi ndani. Ndi odwalitsitsa, ofika mochedwa, ena atakomoka kale, ndipo zaka za m'mbuyomo ngakhale nthenda ikapezeka mankhwala amphamvu kunalibe. Singano imakhala chinthu chomaliza chimene abale anaona, ndiye mlandu umagwera iyo. Musakangane nawo amayi, ndipo musawauze kuti ndi zachikale. Anataya mlongo wawo, pano akuopa kutaya mwana. Apempheni adokotala akhale nawo pansi, ndipo ngati pali mwini mbumba kapena abusa kapena shehe amene amayi amawamvera, aimbireni foni abwere amve okha. Achimwene ngati akuzindikira, mawu omaliza ndi awo, afunsidwe.

Za ma ARV n'zomveka kudabwa, chifukwa masiku ano uthenga ndi woti ukapezeka nako yamba lero lomwe. Crypto ndi imodzi mwa nthenda zochepa zimene timaphwanyira dala lamulo limenelo. Ma ARV amadzutsa chitetezo msanga. Chikadzuka n'kupeza fangasi adakali wodzaza m'mutu, chimamenya nkhondo momwemo, ubongo n'kutupa pamalo popanda potupira. Kuli ngati kuthamangitsa makoswe ndi moto m'nkhokwe yodzaza chimanga. Kafukufuku wa COAT ku Uganda ndi South Africa, wotuluka mu 2014, anapeza kuti mwa oyamba ma ARV m'sabata yoyamba kapena yachiwiri, 45 mwa 100 anamwalira m'miyezi 6, pamene mwa odikira masabata 5 anali 30 mwa 100. N'chifukwa chake timadikira masabata 4 mpaka 6 kuchokera tsiku loyamba mankhwala a fangasi. Ngati kunyumba kuli botolo lakale la ma ARV, kapena la mlamu wanu, lisafike ku wodi. Tsiku loyambiranso alilembe m'buku la kuchipatala, ndipo likakwana musalumphe, popeza kuchedwa kopitirira apo nakonso n'koopsa. Bakitilimu yekha amapitiriza. Awayezenso TB, m'makhololo ndi mu mkodzo, chifukwa chitetezo chikatsika chonchi nthenda sizibwera imodzi, ndipo rifampicin wa m'mankhwala a TB amachepetsa mphamvu ya fluconazole, moti adokotala angafunike kusintha mlingo.

Akatuluka m'chipatala nthenda imakhala isanathe. Masiku 14 aja akatha amamwa fluconazole mamiligalamu 800 patsiku, makapisozi 4, kwa masabata 8. Kenako amatsikira pa 200, kapisozi kamodzi patsiku, kwa chaka chathunthu kapena kupitirira, mpaka CD4 itakwera ndipo kachilombo ka HIV katasiya kuoneka m'magazi. Woimitsa ndi dokotala atayeza, osati wodwala atamva bwino. Obwerera ku wodi ndi crypto kachiwiri amene ndawaona, ambiri nkhani yawo ndi imodzi: mutu unaleka, thupi linabwerera, makapisozi anatha, ndipo palibe anakumbutsa. Pena wodwala amakalandira ma ARV okha, fluconazole osatchulidwa, chifukwa wopereka mankhwala tsikulo sanatsegule tsamba lakale la buku. Ndiye achimwene azinena okha ulendo uliwonse kuti "ndinadwala crypto, ndili pa fluconazole". Mukafuna kusamutsira ku chipatala chaching'ono cha pafupi ndi kwanu, funsiranitu ngati amapezekako. Ndipo adzayamba kukamba zobwerera ku Joni akangolimba miyendo, ndikuwadziwa anyamata athu. Akanizeni chaka chino. Akadzapita, apite ndi kalata yosamutsira ndi mankhwala okwanira.

Kwa amayi amene akuwerenga nawo yankho ili, fluconazole wa mlingo waukulu angathe kuvulaza mwana m'mimba, makamaka miyezi itatu yoyamba. Woyembekezera kapena wokayikira anene asanayambe, ndipo amene ali pa mankhwalawa akambirane za kulera.

Kunyumba muziyang'anira izi. Mutu ukabwerera, kusanza, kuona mwachimbuuzi kapena ziwiriziwiri, kusamva bwino, kugona kwambiri, kuyankhula zosokonekera kapena kukomoka, bwererani tsiku lomwelo, ngakhale usiku, osadikira tsiku la sikelo yawo. Izi zimachitika makamaka m'miyezi yoyamba atayambiranso ma ARV, ndipo kawirikawiri chofunika chimakhala kuchotsanso madzi. Maso akachita chikasu, mkodzo ukachepa kwambiri, thupi likatuluka zidzolo kapena zilonda m'kamwa, miyendo ikafooka mwadzidzidzi kapena mtima ukamagunda modumphadumpha, amenewo angakhale mankhwala, ndipo akaonedwe msanga. Ena amachira koma makutu kapena maso osabwereramo bwinobwino, ndipo zimenezi zimachuluka mwa amene madzi anawafinya nthawi yaitali. Kuiwalaiwala ndi ulesi wa m'maganizo zimatha miyezi, muwapirire.

Mlamu wanu, ngati alipo, akayezetse magazi, ana omwe. Ndipo aliyense wa kwanuko amene anasiya ma ARV n'kumaopa kubwerera chifukwa cha manyazi, muuzeni apite, kaya ku Tisungane, kiliniki ya ma ARV ya pa chipatala chachikulu cha Zomba, kaya ku chipatala chimene ankalandirira, akapemphe kuyezedwa CD4. Ikapezeka yotsika pali kachipangizo kotchedwa CrAg, kofanana ndi koyezera mimba, kamene m'mphindi 10 kamaonetsa ngati fangasi wayamba kuyenda m'magazi. Zizindikiro zake zimapezeka m'magazi masabata angapo mutu usanayambe, ndipo wopezeka pa nthawi imeneyo, madzi a kumsana akakhala oyera, amangomwa fluconazole ali kunyumba.

Mawa m'mawa madokotala akamayendera odwala, mukhalepo inu ndi amayi. Funsani kuti lero ndi tsiku lachingati la masiku 14, magazi a impso ndi potaziyamu anatuluka bwanji, ndipo madzi aja pochotsa ulendo watha ankatuluka mothamanga motani. Ngati achimwene akudandaulabe mutu kapena akusanza usiku uno, musadikire kuti kuche. Kauzeni namwino kuti banja lavomera.